A Saponda ndi Masamba a Pamsewu

Akuti kuseri kwa phiri lathuli kuli njinga imene inakwezapo munthu woikidwa kale m'manda, masana dzuwa likuswa mtengo. Pokwezapo ine panalibe, ndisaname. Koma njingayo ndinaiona ndi maso angawa, ndi yakuda, belu lake ndi lothyoka. Amene anandiuza nkhaniyi ndi mlamu wanga, munthu woti sanama, kupatula pa zaka zake zobadwa. Theka ndimakhulupirira, theka linalo ndimalisiya panja ngati nkhuni zaziwisi. Amayi anzanga, mwati Lachinayi lino mawu achokere kwa ine, ndiye ndalemba zimenezi. Muzitenge ngati fanizo. Amene aone kuti zikufanana ndi za kwawo angoyang'ana pansi, ife sitimuloza.

Panali munthu wina wokonza makina osokera. Dzina lake lenileni ndilisunga, chifukwa abale ake ena timakhala nawo benchi imodzi. Anthu ankangoti a Saponda.

Dzinali linabwera chifukwa cha msewu wozungulira phiri. Msewuwo umachoka pamsika n'kukwera m'minda ya kachewere, kumene mphepo imaluma makutu ngakhale m'chilimwe. Ukafika pamwamba umagwa mtsetse wautali, wamiyala, wokhotakhota, mpaka kudambo. Kudamboko kuli mudzi, kuli mitengo ya mango, kuli kamlatho ka matabwa. Munthu ukangowoloka kamlathoko, chitunda chija amachitcha Thyolamsana chimakuimira pamaso ngati khoma. Ukachigonjetsa umatulukiranso pamsika pomwe paja, koma mbali ina. Msewu wotere ndi wokoma kwa mwamuna wa zobisa. Amachoka cha kum'mawa, amabwera cha kumadzulo, za pakati palibe amaziona.

Wanjinga aliyense pa Thyolamsana amatsika n'kukankha. A makala amakankha, aphunzitsi amakankha, abusa amakankha akuimba nyimbo. A Saponda okha ndi amene phazi lawo silinkakhudza dothi. Chinsinsi chake chinali liwiro. Mtsetse wonse ankautsika osagwira mabuleki, mudzi wakudambo n'kuudutsa ngati kamvulumvulu, kuti liwirolo liwaponye pakati pa chitunda. Kotsalako ankamaliza ndi ntchafu. Akakhala ndi ntchito m'mudzimo, pochoka ankayamba abwerera kumtunda kukatenga liwiro lawo, ngati munthu woiwala chipewa.

Kunyumba anali mkamwini. Nyumba, munda, mbuzi, nkhokwe, zonse zinali pa dothi la akazi awo, a Nangozo, mayi wosalankhulalankhula, wa maso oona kuseri kwa chitseko. Zawozawo a Saponda zinali njinga ndi kachikwama ka masipanala kolendewera pa handulo. Tsiku loti a Nangozo anene kuti basi, bamboyo akanatuluka ndi zomwezo.

Tsiku lina pa kaliyala ya njinga panaoneka khushoni yofiira.

"Bambo," anatero a Nangozo, "masipanala anayamba liti kumva kuwawa pokhalira?"

"Ndi ya mutu wa makina. Sufuna kugwedezeka."

"Oho. Mutu wa makinawo umadzola mafuta onunkhira bwino."

Zinathera pomwepo.

Mutu wa makinawo dzina lake linali Felesita. Anali telala, ankasokera pakhonde m'mudzi wakudambo uja, m'mphepete mwenimweni mwa msewu. Makina ake ankadwala sabata ndi sabata ngati mwana wa malungo, ndipo dokotala wake anali mmodzi. M'kupita kwa nthawi kunabadwa kamtsikana, Ndaziona, ka makutu otambasuka ngati a munthu wina amene tangomutchula kumene. Achimwene ake a Felesita, a Yotamu, anafunsa, anaopseza, anafunsanso. Felesita anangoti, "Mwini wake ali ndi pakamwa. Adzanena yekha."

Akafuna kupita kumsika kukagula ulusi, Felesita sankakwerera pakhomo. Ankawoloka mlatho, mwana kumbuyo, kukadikira pa chitunda pamene pali chulu ndi nsungwi, pomwe liwiro la njinga limayamba kufa. A Saponda sankaima ayi. Mkaziyo ankathamangira pambali, kugwira chishalo, n'kudumphira pa khushoni njinga ikuyenda, miyendo mbali imodzi. Ankakwera naye mpaka pamwamba, kumuonetsa mphamvu. Koma pamwambapo pali mkuyu, ndipo ukadutsa mkuyuwo malata a kumsika amayamba kuoneka. Pamenepo mawu anali amodzimodzi.

"Tsika apa, anthu angatione."

Felesita ankatsika njinga ikuyendabe, n'kumatsatira wapansi ngati mlendo. Tsiku lina akuti ananena akuseka, "Inu a Saponda, tsiku lina ndidzakana kutsika." Nawonso anaseka.

Chaka china mvula itangotha, Felesita anadwala. Ena amati chifuwa, ena amati china, za zimenezo ndilibe umboni. A Saponda atamva, makina a m'mudzi umenewo anasiya kuwadziwa. Ankadutsa atazolika, belu osaliza.

Ndiye m'mawa wina akutsika mtsetse, mphepo ikulira m'makutu, anaona masamba pamsewu.

Mwambowu simufunika kuuzidwa. Pakagwa maliro, anyamata amathyola nthambi n'kuyala mopingasa msewu, kuno ndi uko. Galimoto imakwawa. Wa wailesi amazimitsa, wa chipewa amavula. Wanjinga amatsika n'kukankha mpaka atadutsa masamba achiwiri. Sufunsa kuti wamwalira ndani. Umayamba watsika.

A Saponda analibenso chofunsa. Anaona khomo limene anthu anasonkhana. Anaona makina aja atakankhidwira pakona ya khonde, atafunditsidwa chitenje. Zala zawo zinali kale pa mabuleki. Koma mutu unathamanga kuposa tayala. Ndikatsika, ndikhala pansi. Ndikakhala pansi, misozi indiulula. Ikandiulula, dzuwa lisanalowe Nangozo amva, ndiye ndikagona kuti? Zala zija zinamasuka.

Amene analipo amati nthawi imeneyo a Yotamu anali chiimire, kamwana kaja kali m'manja. Ankati, "Mlongo wanga wapita ndi dzina m'kamwa. Bambo wa mwanayu, ngati muli pano, imirirani tikuoneni." Palibe anaimirira. Kunangomveka phokoso la tcheni. Masamba anabalalika, fumbi linagwera amayi amene ankaimba, nyimbo inadukira pakati. Mayi wina analavula malovu n'kunena kuti, "Ameneyo kokafikako akafika, koma sakafika yekha."

Njinga inawoloka mlatho, matabwa ali gugudu gugudu. Inayamba chitunda. Itafika pa chulu ndi nsungwi paja inagwedezeka kamodzi, kumbuyo kunatsika. Kaliyala inalira kuti kwii, kulira kwake komwe kuja.

Anacheuka. Panalibe munthu. Panali dzuwa, nsungwi, ndi khushoni yofiira italowa pakati.

Tsiku limenelo chitunda cha Thyolamsana anachimaliza, koma maso akuchita chidima. Atafika pa mkuyu, pakamwa panayankhula pokha. "Tsika apa." Mphepo inaomba. Njinga sinapepuke.

M'mawa mwake akutulutsa njinga anamva kaphokoso kumbuyo, tche tche tche. M'masipoko munali tsamba la mango. Analichotsa n'kuliponya kutali. Tsiku linalo munali linanso, laliwisi, utomoni ukudontha. Amayi, kumtunda kwa kachewere kuja, kumene kunali nyumba yawo, mango samera, kumazizira. Mango ali kudambo.

Anayamba kuyesa nzeru. Anazungulira msewu chobwerera, kuyambira kumadzulo. Kulemera kunali komweko, ndipo potsika Thyolamsana njinga inkawakankha ngati ikuthamangira kwawo. Anapopa matayala mpaka kulimba ngati mwala. Akangokwera, lakumbuyo lokha linkaphwa. Anapita kwa sing'anga wina, n'kumanga kachithumwa pansi pa chishalo. Kachithumwako anakapeza pa khushoni katamasulidwa, ulusi wake utakulungidwa mwaudongo, mmene amakulungira atelala.

Tsiku lina pa chitunda anakumana ndi bambo wa makala wochokera kutali, wosawadziwa n'komwe. Bamboyo anaima n'kupukuta thukuta.

"Achimwene, mupha njinga. Atsitseni amayiwo ayendeko pang'ono."

"Amayi ake ati?"

Wa makala anayang'ana kumbuyo kwa njinga, anavula chipewa, n'kunena mwaulemu, "Pepani mayi, sindimadziwa kuti mwayambana." Anakankha makala ake n'kumapita.

Kuyambira pamenepo a Saponda anasiya kuyang'ana chithunzithunzi chawo. Dzuwa likapendeka chimagwa pambali pa msewu, ndipo akuti chinali ndi mitu iwiri, winawo wovala duku.

Anamasula kaliyala yonse, khushoni n'kuiponya m'chimbudzi. Tsiku limenelo ananyamuka akuimba mluzu. Pa chulu ndi nsungwi, felemu inalira kutsogolo, handulo inalemera, fungo la mafuta aja linawadzaza m'mphuno. Mtunda wonse wotsalawo anapalasa atatambasula mawondo, ngati munthu wonyamula mnzake pachifuwa. Atangofika kunyumba kaliyala anaibwezera. Bola kumbuyo.

Munthuyo anayamba kutha. Lamba anamuboola mabowo atsopano. Ntchafu zija zinasanduka mabango. Mwina mukuti, osangoisiya bwanji njingayo? Anayesa. Anaitsamiritsa pakhoma n'kukhala pakhomo. Koma mkamwini wokhala pakhomo masana amafunsidwa mafunso. Komanso njinga ija, ili yokhayokha pakhoma, tayala lake lakumbuyo linkakhala lophwa ngati pali wokhalapo, ndipo nkhuku zinkailambalala. Kukhala moyang'anizana nayo tsiku lonse kunaposa kuipalasa.

A Nangozo sanafunse kanthu. Amuna awo akafika kuchokera ku ulendo, ankatulutsa thobwa m'makapu awiri.

"Inayo ndi ya ndani?"

"Ndaona ngati mwatopa kawiri."

Kudambo kuja Ndaziona anali kwa amalume ake. A Yotamu anali ndi ana awo odzaza mphasa, ndipo akazi awo analibe dzanja lina lotsala. Mwanayo sankamenyedwa, sankamanidwa, ankangoiwalika. Tsiku lonse ankakhala m'mphepete mwa msewu, pomwe panali masamba paja, mutu uli mbuu, maso ali kumtsetse. A Saponda akamadutsa ankayang'ana kumbali. Koma khutu lilibe chitseko. Nthawi iliyonse kamwanako kankaimirira, kukweza dzanja, n'kuitana. Sikankaitana iwo. Maso ake ankadutsa paphewa pawo kukagwera kumbuyo.

"Amayi. Amayi, mundidikire."

Anthu ankati ndi umasiye, mwana akuona amake pa njinga iliyonse. Koma njinga zina zikamadutsa sankaitana.

Tsiku lina chilimwe chili pakati, dzuwa lili pamutu, a Saponda anatsika mtsetse monga mwa masiku onse, liwiro lonse. Atayandikira mudzi anaona kuti mwana uja sali m'mphepete. Waima pakati pa msewu, manja onse atatambasula, mmene amachitira mwana wofuna kunyamulidwa. Kumanzere kunali kampata. Munthu wa luso lawo mwina akanakhota n'kudutsa osamukhudza. Mwina. Iwo amati pamenepo anamva manja awiri akuwagwira m'chiuno, ozizira, osafinya, ongogwira basi.

Anakoka mabuleki onse awiri. Matayala anakhwekhwereza miyala. Phazi la a Saponda linaponda dothi.

Pamsewu panalibe tsamba ngakhale limodzi. Aja anauma kalekale, ena mbuzi zinadya. Koma bamboyo anatsika, anavula chipewa, n'kuyamba kukankha njinga pang'onopang'ono, monga anayenera kuchitira tsiku lija. Amayi a pamjigo anasiya kupopa. Anakankha mpaka pomwe panali masamba achiwiri, anatembenuka, n'kulowa pakhomo pa a Yotamu, mwana akutsatira atagwira kaliyala. Njinga anaitsamiritsa pa mtengo wa mango. Anagwada pa dothi.

"Bambo Yotamu, munafunsa funso anthu atadzaza pano. Ine ndinalimva. Ndinali pa njinga."

A Yotamu ankasoka mphasa. Anamaliza kaye mzere umene anauyamba.

"Ndiye mwabwera kudzayankha anthu atapita."

"Aitaneni abwerere. Mwanayu ndi wanga. Mlongo wanu ndinkamutsitsa pa mkuyu ngati katundu wakuba, ndipo pa maliro ake ndinamuthira fumbi."

"Makutuwo tinawaona kalekale," anatero a Yotamu. "Timadikira pakamwa."

Onse amene analipo amalumbira chinthu chimodzi. Pansi pa mango paja, popanda woikhudza, njinga inalira kuti kwii. Tayala lakumbuyo linadzuka. Ndaziona anatembenuza mutu pang'onopang'ono, ngati akuperekeza ndi maso munthu wolowera kunjira ya kumanda. Anakweza dzanja. Sanalire, ndipo sanatsatire.

Anthu anaitanidwa, mawu aja ananenedwanso onse akumva, ndipo a Yotamu analola kuti mwanayo akaonekere kwa bambo ake. Anamukhazika pa kaliyala, pa chitenje chopinda. Thyolamsana tsiku limenelo a Saponda anakwera wapansi, akukankha ngati wina aliyense, a makala akuwapitirira n'kumatsokomola dala. Atafika pa mkuyu, mwanayo anayamba kutsetsereka yekha kuti atsike. Malowo ankawadziwa kuyambira ali kumsana kwa amake.

"Khala pomwepo," anatero a Saponda. "Atione."

Ndipo tinawaonadi. Msika wonse unasiya kugulitsa.

Kunyumba anapeza a Nangozo akupeta. Anagwadanso, mawondo anali atayamba kuzolowera. Ananena zonse, za khushoni, za makina odwaladwala, za mkuyu, za masamba. Kachikwama ka masipanala sanakachotse pa handulo, poti sankadziwa ngati atsala kapena apitirira. A Nangozo anamvetsera mpaka kumapeto. Anaika lichero pansi, anatsitsa mwanayo, anamuyang'ana khutu ili ndi ili.

"Uyu ndi wafumbi, ndikamusambitse. Inu mphasa yanu muipeza m'khitchini. Muzigona ndi nkhuku mpaka nditaiwala. Ndipo ine sindiiwala msanga."

Sanawathamangitse. Mwanayo pano amakhala uku ndi uku, wanenepa, ali pasukulu. Zoti bambo ake anatuluka m'khitchini kapena ayi, ndikufufuzabe.

Tsopano imvani imene inandiimitsa tsitsi. Patapita nthawi, a Nangozo akuswa mtedza ndi mng'ono wawo, amene ndi mlamu wanga uja, anaulula zawo. Anamulumbiritsa kuti asauze munthu. Iyenso anandilumbiritsa ine, ndiye inu musakauze wina.

Akuti zonse ankazidziwa kuyambira tsiku la khushoni. Za maliro anazimva njinga isanafike pakhomo, poti mbiri sikwera Thyolamsana, imadzera njira yachidule. Tsamba loyamba linakola lokha m'masipoko, pamene bamboyo ankabalalitsa nthambi zija. A Nangozo ataliona, anatuma mayi wina wa tomato wa kudambo kuti awabweretsere nthambi ya mango. Anaibisa kuseri kwa nkhokwe. M'mawa uliwonse, amuna awo asanadzuke, ankathyola tsamba limodzi n'kulilowetsa m'masipoko.

"Ndinkafuna ndione," anatero, "ngati mwamunayu ali ndi mtima kapena ntchafu zokha."

Mlamu wanga anaseka mpaka mtedza kutayika. "Ndiye mzukwa wonse uja munali inu, achemwali? Wa makala uja munamutumanso ndinu?"

A Nangozo sanaseke.

"Wa makala sindikumudziwa. Nthambi yanga inauma sabata isanathe, ndipo sindinatumenso ina. M'mawa wina ndinadzuka ndilibe tsamba, ndinangoti ndikasuzumire. Ndinapeza lilimo kale. Laliwisi."

Amayi anzanga, za njingazi khulupirirani theka ngati ine. Koma ichi chokha mupite nacho. Aliyense wa ife ali ndi masamba ake amene anawadutsa pa liwiro, poopa kuti akaima anthu amuona, kapena chitunda cha kutsogolo chimukanika. Chimene wakana kuchitsikira sichitsala m'mbuyo, chimakwera nawo. Ndipo msewuwu ndi wozungulira, udzakufikitsani pomwe paja. Mukafikapo, pondani pansi.